Mkamwini wa ku Romford

Kunena zoona, amene anaganiza zopita ku Mangalande si ine. Anali mkazi wanga Esnati. Ine ndinangovomera, ndipo ndinavomera msanga moti mpaka lero ndimachita nazo manyazi, chifukwa ine ndinakulira pamsika wa Limbe ndikugulitsa nsapato za kaunjika, ndipo sindinkavomera kanthu pamtengo woyamba. Munthu akandiuza kuti kunja kwacha, ndinkayamba ndasuzumira, kenako n'kumuuza kuti kwachadi koma osati kwenikweni, atsitseko. Koma tsiku limene Esnati anabwera kuchokera kuchipatala, yunifolomu ikadali m'thupi, n'kunena kuti wapeza ntchito ya unesi ku London ndipo mwamuna ndi mwana amaloledwa kutsatira, ndinangoti, "Tinyamuka liti?" Osanenerera ngakhale pang'ono. Munali mu 2003.

Amene anandiuza mtengo weniweni wa ulendowo anali Jemusi, mnzanga amene tinkayala naye nsapato moyandikana. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati nsapato yomatidwa ndi guluu.

"Aise, ndiye kuti ntchito ndi ya madamu, nyumba ya madamu, chitupa cha madamu. Iwe ukupita ngati ndani?"

"Ngati mwamuna wake."

"Chikamwini cha pandege chimenecho. Bola kumudzi mkamwini amapatsidwa khasu. Iwe akakupatsa thewera."

Mzere wonse wa nsapato unafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka, kenako ndinamugulitsa benchi langa pamtengo wa mabenchi awiri kuti mtima ukhaleko pansi. Koma mawuwo ndinakwera nawo minibasi.

Esnati kwawo ndi ku Dedza, kufupi ndi Linthipe, kumene mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi. Ine ndinkadziona wochenjera kuti ndinazemba zimenezo pochita lendi ku Ndirande. Kumudziko ndinali nditangofikako kamodzi, ndipo ulendo wokatsanzika unali wachiwiri. Apongozi anga aamuna, a Mwale, anali munthu wamtali, wa jekete lakuda ngakhale dzuwa liswe mtengo, wosalankhulalankhula. Anandilandira, n'kuyang'ana nsapato zanga nthawi yaitali. Ine ntchito yanga inali yowerenga nkhope za makasitomala, ndiye nkhope yawo ndinaiwerenga chonchi: nsapato zabwino, mwini wake wopanda pogwira. Ndinalumbira mumtima kuti m'mudzi umenewo sindidzapondamonso ndili amuna a nesi basi. Ndidzabwera ndili ndi changachanga, kapena osabwera n'komwe.

Tinakafikira ku Romford, kufupi ndi chipatala chachikulu kumene Esnati ankagwira ntchito. Jemusi ananena zoona pa nkhani ya thewera. Mwana wathu Pemphero anali ndi zaka ziwiri, mayi ake ankachoka ndi mdima n'kubwera ndi mdima, ndipo ine venda wa mbiri ndinasanduka katswiri wa phala ndi makina ochapira. Sabata yoyamba ndinalowa m'sitolo yaikulu, ndinanyamula nkhuku, ndinafika kwa mtsikana wolandira ndalama n'kumufunsa mwaulemu kuti mtengo womaliza ndi uti. Anandionetsa pepala limene linamatidwa pankhukuyo. Ndinati limenelo ndaliona, koma ndikufunsa pakati pa iye ndi ine. Anaitana mlonda.

Chimene palibe anandiuza ndi chakuti munthu ungathe kutha tsiku lonse osapatsidwa moni. Pamsika ndinkalankhula mpaka kukhosi kuuma. Ku Romford ndinkaima pawindo, Pemphero ali m'manja, ndikuwerenga mabasi ofiira. Ndikapereka moni pamalo odikirira basi, anthu ankasuntha chikwama. Loweruka Esnati akakhala kuti sali pa shifiti ndinkakwera ulendo wautali wa ku Peckham, ati kukagula khadi loimbira foni kwathu, chonsecho makhadi ankapezeka ku Romford komweko. Ndinkafuna phokoso. Kumeneko kunali bambo wina wa ku Nigeria wogulitsa nsomba zouma, ndipo ndinkanenerera naye mpaka kutukwanizana, nsomba zimene sindinkazifuna n'komwe. Ndikatuluka m'sitolomo ndinkamva kuti magazi ayambanso kuyenda.

Khadilo ndi limene linkandipweteka. Tinkaimbira ku golosale ina ya pa Linthipe, apongozi atauzidwiratu tsiku. Esnati ankacheza ndi mayi ake, kenako n'kubwera mawu a a Mwale, patalipatali: "Nanga bambo a Pemphero?" Esnati n'kuyankha kuti, "Alipo." Alipo! Mpando nawonso ulipo. Tsache lilipo. Sankanena moipa mkazi wanga, koma akanati chiyani?

Pemphero atayamba kupita kosungira ana ndinapeza maganyu. Ndinakolopa maofesi, ndinatsuka mbale, kenako ndinalowa pa saiti ina ku Greenwich, pomanga nyumba zosanja m'mbali mwa mtsinje, ntchito yanga kunyamula chilichonse cholemera. Tsiku lina chimpukutu cha waya chinandiponda chala, ndipo ndinatulutsa mawu ena a pamsika amene sindingawalembe pano, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti palibe akumva. Kumbuyo kwanga kunamveka mawu:

"Pakamwa apo, mfana. Anakulera ndani?"

Ndinatembenuka, chala ndaiwala. Anali bambo wa imvi, wamfupi, lamba wa zida m'chiuno. Azungu ankawaitana dzina loyamba ngati mwana, koma ine kuyambira tsiku limenelo anali a Phiri, kapena madala. Anabadwira pamgodi wina ku Zimbabwe, bambo awo anachoka ku Mchinji wapansi ali mnyamata, ndipo iwo eni ake Malawi anali asanamuonepo. Chichewa chawo chinali chakale, cha bambo awo, chokhala ndi mawu amene ine ndinawamva komaliza kwa agogo, kenako mwadzidzidzi n'kugweramo Chishona ndi Chingelezi. Anali mmisiri wa zamagetsi, ndiponso membala wa yuniyoni, bungwe lija loimira anthu apantchito.

Ndi iwo anandiuza kuti yuniyoni inagwirizana ndi makampani kuti azitenga anthu n'kuwaphunzitsa ntchito, ngakhale akuluakulu. Masiku ambiri umakhala pa saiti pambali pa mmisiri, tsiku limodzi pasabata ku koleji, pomaliza mayeso, ukakhoza n'kupatsidwa khadi limene saiti iliyonse imalemekeza. Ananditengera kwa mkulu wa yuniyoni pa saitipo, mzungu wonenepa dzina lake Terry. Terry anafotokoza zonse n'kumaliza ndi kuti maphunzirowo ndi a zaka zinayi.

Ndinakanda ndevu. Ndinati zinayi n'za ana ongochoka kusukulu, nanga kwa munthu wamkulu, wapabanja, ziwiri sizingatheke? Chabwino, tikumane pakati, zitatu.

A Phiri anandiponda chala chomwe chija.

Malipiro a wophunzira anali ochepa kuposa a wonyamula katundu. Ndinapita nayo nkhaniyo kwa Esnati ndikuyembekeza kuti akana kuti ndipeze wonamizira. Iye anangoti, "Pitani. Lendi ndi mabilu ndilipira ine." Ndiye kuti pofuna kuthawa kudyetsedwa ndi mkazi, ndinasaina zaka zinayi zodyetsedwa ndi mkazi. Masiku ena ya basi ndinkaipeza ataisiya pansi pa kapu, kuti tisaonane m'maso. Uku mauthenga ochokera ku Limbe sankatha. Wina foni, wina jekete lachikopa, Jemusi ankafuna nsapato za mpira zenizeni kuti aziika pamwamba pa mulu ngati nyambo. Mayi anga ku Ndirande ankangofunsa ngati ndikudya. Ndinawatumizira onse chithunzi nditatsamira galimoto ya eni, ndipo mwini wake anatulukira ndisanachotse chigongono.

Ku koleji ndinkakhala ndi tianyamata tosayamba kumeta, timene tinkanditcha amalume. Masamu anandivuta, koma osati kwambiri, poti munthu amene wabwezapo chenji kwa anthu atatu nthawi imodzi saopa manambala. Ntchito yeniyeniyo ndinaikonda. Kukoka waya m'paipi, kupinda paipi kuti igone bwino pakona, kumanga bokosi la mafyuzi mawaya ali ndondondo ngati mizere ya m'munda. Ndipo lamulo lalikulu la ntchitoyi ndinkaliloweza ngati katekisimu. Usanagwire waya, kazimitse. Ukazimitsa, khoma loko wako, kiyi m'thumba mwako. Ukatero tenga tesita, kachida kokuuza ngati mu waya muli moto, uyese wekha ndi manja ako. Osamvera za munthu. Ankatiuza m'kalasi, ankatiuza pa saiti, zinalembedwa ngakhale kuchimbudzi. Ine ndinkaseka mumtima kuti azungu akuphunzitsa venda wa ku Limbe kusakhulupirira anthu.

Linali Lachisanu masana, m'chaka changa chachitatu. Tinkakonza nyumba ina yakale ku Greenwich komweko kuti mukhale zipinda za ana a ku yunivesite. Mawaya a m'menemo anaikidwa ndi anthu amene anamwalira kalekale, ndipo zolembedwa pa bokosi la mafyuzi sizinkagwirizana ndi zimene zinali m'makoma, ngakhale ife tinali tisanadziwe. A Phiri anatsikira pansi, anazimitsa, anakhoma loko, n'kubwera akupukusa kiyi pachala.

"Ndazimitsa, mfana. Dula."

Ine ndili pamakwerero, pulayala yodulira waya kumanja, tesita m'thumba lakumbuyo. Dzanja linapita ndithu kuthumbako. Koma madala anali ataima pansi pomwepo akundiyang'ana, imvi zili mbuu, munthu amene anandipezera malo, amene ndinkadya kwawo pa Khirisimasi, amene Pemphero ankawatcha agogo. Kutulutsa tesita pamaso pawo, mawu asanazizire n'komwe, kunali ngati kunena kuti madala mukunama. Kasitomala ndingamutsutse mpaka dzuwa kulowa. Koma wamkulu akalankhula, mwana woleredwa sapita kukasuzumira ngati n'zoona. Ndinabweza dzanja. Ndinadula.

Kunamveka phuu! Kuwala kobiriwira, kenako ndinapezeka nditakhala pansi, makwerero ali pamwamba panga, m'chipinda mukununkha ngati awaula nkhuku. Pulayala inali itabooka pakamwa, chitsulo chitasungunuka. Chinandipulumutsa ndi mphira wa kuzigwiriro. A Phiri anagwada akundigwira kumaso.

"Mfana! Mfana, ukundiona?"

"Ndikukuonani madala, koma mwakhala awiri."

Ndinangobinya bondo ndi kupsa nsidze. Koma pa saiti za kumeneko phokoso lotere silibisika. Tonse awiri anatiimitsa ntchito, n'kutiuza kuti tidzabwere sabata yotsatira kudzaonekera pamaso pa mabwana a kampani. Esnati sanakalipe. Iye anthu opsa ndi magetsi anawasambitsapo. Anatenga manja anga, anawatembenuza uku ndi uku, anawabweza pamwendo panga, n'kupita ku shifiti. Sabata imeneyo ndinabwerera pawindo paja, kuwerenga mabasi. Ndinkadziwa kuti akandichotsa, palibe kampani ina imene ingatenge wophunzira wandevu amene anadula waya wamoto tesita ili m'thumba. Zaka zitatu za ndalama ya pansi pa kapu zikanathera pomwepo, ndipo pafoni ndikanakhalanso alipo mpaka kalekale.

Monga venda ndinakonza nkhani. Ndinati ndikanena kuti a Phiri sananene kanthu, ndinadula ndekha mwaphuma, kenako ndikagwetsa nkhope n'kupempha chifundo. Choncho madala atuluka oyera, ine ndinenerera chilango. Tsiku la mlandu ndinawafotokozera a Phiri ndi Terry pakhonde, tisanalowe. Terry anati ngati ndikufuna kuchotsedwa, njira yachidule ndi imeneyo, chifukwa wopala matabwa wina amene anali m'chipinda choyandikana anamva zonse. A Phiri anandikokera pambali.

"Iwe, ulemu wakowu wakugwetsa kale pamakwerero. Ukufuna ukugwetsenso kachiwiri? Ukanene zimene zinachitika."

M'katimo munali mayi wina woona za chitetezo, magalasi ali pamphuno. Anandifunsa ngati tesita inali yowonongeka. Ndinati ayi. Ngati ndinaiiwala. Ayi. Ngati sindinkadziwa lamulo. Ndinalilakatula lonse osapuma. Anavula magalasi n'kufunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani. Ndinamufotokozera m'Chingelezi changa chonse kuti kwathu munthu wa imvi akanena chinthu, kuchiyesa pamaso pake n'kumunyoza. Mayiyo anayang'ana Terry. Terry anayang'ana kudenga. Kenako anandifunsa kuti bambo amenewa atandiuza kuti ndidumphire mumtsinje wa Thames, ndingadumphe? Ndinati ndingayambe ndanenerera, koma mapeto ake mwina ndinganyowe.

A Phiri anapempha kulankhula. Anati wolakwa woyamba ndi iwo, chifukwa anayenera kuyesa okha asanatsegule pakamwa. Anati mnyamatayu amamudziwa mmene analeredwera poti nawonso bambo awo anawalera chimodzimodzi, ndipo zaka zonsezi ku London palibe anawatchapo madala, ndiye zinkawakomera mpaka anaiwala kuti ulemu wotere pantchito iyi umapha.

Apo Terry anayamba ntchito yake, ndipo ine ndinangoti kukamwa yasa. Anayambira kutali, kuti kampani ndi imene inatumiza anthu m'nyumba ya mawaya osokonekera osaifufuza. Mabwana atatchula zondichotsa, anatseka faelo yake, anaimirira, anafika mpaka pachitseko. Anamubweza. Anakhala monyinyirika, ngati kasitomala amene nsapato waikonda koma sakufuna uzindikire. Anatsika pang'ono, iwo anakwera pang'ono. Potuluka, tonse awiri tinali ndi chenjezo lolembedwa, ine atandiwonjezera miyezi isanu ndi umodzi ya maphunziro, koma ntchito ilipo. Ndinakhala pansi pamasitepe. Nditapeza mpweya ndinamufunsa Terry ngati anagulitsapo nsapato.

Lolemba lake a Phiri anabwera ndi lamulo latsopano. Anati kuyambira lero, iwo akanena kuti ndazimitsa, ine ndiziyankha mokweza kuti, madala, sindikukukhulupirirani. Ndinayesa. Zinakanika. Ndinati madala, tsitsaniko. Anati palibe kutsitsa. Tinakokanakokana mpaka nthawi ya tiyi, ndipo tinagwirizana pa mawu akuti, "Mwanena zoona madala, koma tesita nayo inenepo." Ndimawanenabe mpaka lero, ndipo anyamata amene ndimagwira nawo ntchito ku Lilongwe kuno ndimawakakamiza kundinenera ineyo. Paja mwambi umati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Waya wamoto sadikira kuti agonere.

Mayeso omaliza ndinalemba kumapeto kwa 2008. Amakutsekera m'kachipinda ka matabwa masiku angapo, iwe wekha ndi mawaya, woyesa ali chete kumbuyo kwako. Amawononga dala zinthu zina kuti uzipeze. Ndinayesa waya uliwonse, ngakhale umene ndinali nditangoutulutsa m'pepala lake. Khadi litabwera ndinaliyang'ana nthawi yaitali, nkhope yanga ili pamenepo ngati ya wakuba nkhuku. Loweruka lotsatira tinaimba ku Linthipe, ndinadikira funso lija, ndipo a Mwale atangoti nanga bambo a Pemphero, ndinalanda foni kuti ndiyankhe ndekha. Mayunitsi anathera pomwepo.

Chaka chotsatira ntchito zomanga zinayamba kusowa mu London. Esnati anali atatopa ndi kuzizira, ndipo Pemphero ukamufunsa kuti wadzuka bwanji ankamva bwinobwino koma n'kuyankha m'Chingelezi cha m'mphuno. Kenako kunabwera uthenga woti kumudzi kwafika mapolo a magetsi, ndipo nyumba ya njerwa imene Esnati anamangira makolo ake ikungodikira mawaya. Ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Tinalongedza. Anzathu amadzaza masutikesi ndi zovala, ine ndinadzaza masoketi, maswichi ndi bokosi la mafyuzi. A Phiri anatiperekeza ku bwalo la ndege. Pondigwira dzanja anati, "Ukaone ngati dzikolo lilikodi, mfana. Mwina bambo ankangondinamiza."

Mapolo analikodi. Anaima mumzere kuchokera kumsewu mpaka kusukulu, okongola, akhungubwe atakhala pamwamba. Waya ndiye panalibe ngakhale wa mkono umodzi. Anthu anati a magetsi ananena kuti abwera mvula ikatha, koma sananene kuti mvula ya chaka chiti. Ine mmisiri wa khadi la ku London, wophunzira zaka zinayi ndi theka kuopa moto wa mu waya, ndinafika pamalo pamene moto wapafupi unali wa m'mbaula.

Ndinati palibe kanthu, nyumba ndiimanga mawaya, magetsi adzapeza zonse zili m'malo. M'mawa mwake ndinavala ovolosi, lamba wa zida m'chiuno, khadi ndalipachika pachifuwa pamene munthu sangaliphonye. Ndinkadikira a Mwale kuti afunse. Koma amene anabwera kudzalamula ntchito sanali iwo. Anali a Lufeyo, amalume ake a Esnati, mwini mbumba, ndodo m'manja, apongozi aakazi ali pambuyo pawo. Analoza ndi ndodo: babu apa, babu apo, soketi ya wailesi pakona iyo. A Mwale anali ataima pakhomo, jekete lawo lomwe lija. Anatsokomola pang'ono.

"Kukhonde lakuseriku kukanakhalako kababu kamodzi. N'kumene ndimakhala madzulo."

A Lufeyo sanatembenuke n'komwe. "Alamu, za nyumba ino tisiyireni eni ake."

"Chabwino," anatero a Mwale, n'kuyang'ana pansi.

Chabwino ameneyo ndinamudziwa. Ndinamunenapo ine kambirimbiri, m'khitchini ya ku Romford. Kuti a Mwale si a m'mudzimo ndinkadziwa, monga mmene munthu umadziwira kuti kuli dziko la China, koma ndinali ndisanaganizepo kuti zikutanthauza chiyani. Ine ndinkaona jekete ndi kutalika.

Tsiku lachitatu, anthu onse atapita kumaliro kumudzi woyandikana nawo, ndinatenga waya wotsala n'kuzungulira kuseri. Ndili pamakwerero ndinamva kuti wina wawagwira m'munsi. Anali a Mwale. Anawagwira choncho mpaka nditamanga choikamo babu pamtanda wa denga, ndi kaswichi kuseri kwa chitseko, pamene munthu wosadziwa sangakaone. Nditatsika anandilozera mpando wawo, iwo n'kukhala pa mtondo wogwetsa.

"Ntchito imeneyi anakuphunzitsani mpaka kumaliza?"

"Mpaka kumaliza, bambo."

"Ndiye kuti ili m'manjamo. Palibe angakulandeni."

"Palibe."

Anagwedeza mutu nthawi yaitali. Kenako analoza mitengo ya mango imene inazungulira bwalo. "Yonseyi ndinabzala ine. Nkhokwe izo ndinaluka ine. Kwathu ndi ku Ntchisi, ndinabwera muno ndi nkhwangwa ndi bulangete, tsitsi lili bii. Lero mayi anuwa atati atsogole, mawa lake a Lufeyo andionetsa msewu, ndipo ndidzatuluka ndi bulangete lomwelo. Mango sanyamulika." Anaseka pang'ono, koyamba kuwaona mano. "Inu mwachita bwino, bambo a Pemphero. Mkamwini azikhala ndi chinthu choti akamuthamangitsa anyamule."

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkakonzekera woweruza, ndipo ndinapeza mnzanga wa mumzere umodzi, amene anayala katundu wake pamalopo ine ndisanabadwe. Nditakweza maso ndinaona zimene ndinali ndisanazionepo m'mudzimo. Kuseri kwa nyumba ya apo kunali bambo wina akusema mpini. Kuseri kwa inayo, wina akusoka mphasa. Kumabwalo ndi kwa eni, kuseri ndi kwa obwera, ndipo aliyense anali ndi kantchito kake ka m'manja.

A Mwale anadzuka, anafika pachitseko, anadina kaswichi kaja. Kanalira kuti thwa. Babu linangokhala chete, mapolo ali mbuu kumsewu. Anadinanso kuzimitsa, mosamala, kuti magetsi asawonongeke.

"A Lufeyo musawauze," anatero akubwerera pamtondo. "Adzaona okha tsiku limene lidzayake."